Pasiwedi ndi yomweyo koma ikukana: yambani mwayang'ana kamuvi ka pa kiyibodi

Ndimagwira ntchito pa kabenchi ka mafoni pa Kamuzu Road, kuno ku Salima. Timatchaja, timamata magalasi, timasintha masikirini, koma ambiri amene amaima pamaso panga sabwera ndi foni yosweka. Amabwera ndi dandaulo limodzi: "Achimwene, pasiwedi yanga ikukana, koma ndi yomwe ija." Ena amafika atapsa kale mtima, akuti mwana wawo waisintha. Ena akuti wina wawabera akaunti. Ndikawakhazika pamthunzi n'kuwapempha kuti alembenso pang'onopang'ono ine ndikuona, kawirikawiri vuto limapezeka pa kabatani kamodzi ka kumanzere, kokhala ndi muvi woloza m'mwamba, kamene kamatchedwa Shift.

Mu Okutobala wapitayu kunabwera mayi wina wogulitsa usipa kuchokera ku Senga Bay. Pulogalamu ya banki yawo inali itawatsekera chifukwa cholakwitsa pasiwedi kangapo, ndipo ndalama za oda zinali momwemo. Anayenda makilomita pafupifupi 20 kubwera kutauni, nsomba atasiyira mnzawo. Nditatenga foniyo ndinaona kuti kumbuyo kwa kiyibodi kuli chithunzi cha mdzukulu wawo atavala diresi yoyera, zilembo nazonso zoyera, mabatani opanda malire, ndipo pagalasi pali mamba ouma. Ndinawafunsa kuti, "Mayi, kamuvi aka kakayaka mumakaona?" Anati, "Mwana wanga, kamuvi kake kati?" Pasiwedi ankaidziwa bwinobwino, sanaiwale ngakhale chilembo chimodzi. Chala chonyowa chinkagunda Shift kawiri, kiyibodi n'kumalemba zilembo zazikulu zokhazokha, iwo osadziwa chifukwa pamalo a pasiwedi pamangooneka timadontho. Zinandikhudza, chifukwa tsiku lonse la malonda linawathera pa kanthu kakang'ono ngati njere ya mpunga.

Nkhope zitatu za kamuvi

Pa kiyibodi ya kompyuta batani umalimva likutsika pansi pa chala, ndipo makiyibodi ambiri ali ndi kanyali ka Caps Lock, batani lokhoma zilembo zazikulu. Pa galasi la foni palibe chotsika, ndiye zonse zatsamira pa maso. Pa Gboard, kiyibodi ya Google imene imapezeka m'mafoni ambiri a Android, komanso pa iPhone, kamuvi kali ndi nkhope zitatu. Kakakhala kamphako, kongozungulizidwa ndi mzere, mukulemba zilembo zazing'ono. Kakadzaza, chilembo chotsatira chokha n'chimene chikhale chachikulu, kenako kamazima kokha. Kakadzaza n'kukhala ndi kamzere pansi pake, ndiye kuti mwakhoma Caps Lock, ndipo zonse zituluka zazikulu mpaka mutakagundanso. Pa kiyibodi ya Samsung kamuviko kamasintha mtundu, ndipo kaonekedwe kake kamasiyanako malinga ndi foni.

Kusiyana kwa nkhope yachiwiri ndi yachitatu ndi kamzere kochepa kwambiri. Padzuwa la kunyanja kamzereko simungakaone, ngakhale muli ndi maso a mwana. N'chifukwa chake ine ndimauza aliyense kuti asamadalire kamuvi kokha. Yang'anani zilembo zenizenizo pa mabatani. Mukaona a, g, e zazing'ono, Shift ndi yozima. Mukaona A, G, E, yayaka. Lembani chilembo chimodzi n'kuyang'ananso: ngati zabwerera kukhala zazing'ono, zili bwino, koma zikakhalabe zazikulu, mwakhoma. Musayesere pa o, s, c kapena x, chifukwa chachikulu ndi chaching'ono zimafanana.

Vutoli si la ife a ku Salima tokha. Ma iPhone akale ankaonetsa zilembo zazikulu pa mabatani nthawi zonse, kaya Shift yayaka kaya ayi, ndipo pulogalamu yoyendetsa iPhone ya iOS 7.1 itatuluka mu 2014 anthu ambiri anadandaula kuti sakutha kusiyanitsa. Apple inakonza zimenezi mu 2015 ndi iOS 9, pamene zilembo zinayamba kusintha motsatira Shift. Ngati iPhone yanu ikuonetsabe zazikulu zokhazokha, pitani ku Settings, Accessibility, Keyboards, muyatse Show Lowercase Keys. Ndipo ngati Caps Lock imangokusokonezani, mukhoza kuizimitsiratu ku Settings, General, Keyboard, pa Enable Caps Lock.

Pali njira ina imene ndimaikonda kuposa zonse, chifukwa siifuna kuti muone kamuviko n'komwe. Ikani chala pa Shift, osachichotsa, chitsetserekeni mpaka pa chilembo chimene mukufuna, kenako chichotseni. Chilembo chimodzi chachikulu chimatuluka, kiyibodi n'kubwerera yokha pa zazing'ono. Zimatheka pa Gboard ndi pa iPhone pomwe. Ndipo ngati mwalemba kale mawu onse molakwika mu meseji, pa Gboard sankhani mawuwo n'kugunda Shift, adzasintha okha popanda kufufuta.

Chimene chimakhomesa Caps Lock mosadziwa nthawi zambiri ndi kuchedwa kwa foni. Mafoni a memore yogwirira ntchito (RAM) yochepa, ya 1 GB kapena 2 GB, akadzaza mavidiyo a pa WhatsApp, amachedwa kuonetsa kuti batani lagundidwa. Munthu amagunda Shift, saona kusintha, n'kugundanso mwachangu, ndipo foni imawerenga kuti wagunda kawiri. Mukagunda Shift dikirani kaye kamphindi, muone zilembo zitasintha, kenako pitirizani.

Musanayesere kachitatu

Pasiwedi ikakana kawiri, imani pomwepo. Mapulogalamu ambiri a ndalama amatseka mukalakwitsa kangapo motsatizana, ndipo kutsegulitsa kumafuna chitupa ndi ulendo. Fufuzani kachizindikiro ka diso kumapeto kwa bokosi la pasiwedi, mukagunde kuti timadontho tisanduke zilembo, muwerenge chimodzichimodzi. Ngati diso palibe, mafoni a Android ali ndi Show passwords mu Settings, kawirikawiri pansi pa Privacy, imene imaonetsa chilembo chilichonse kwa kanthawi chisanasanduke dontho. Chitani zimenezi mutatembenukira kukhoma, osati muli mu minibasi wina akusuzumira paphewa.

Yang'ananinso mmene munalembera pasiwediyo m'kope. Ambiri a ife tikamalemba chinthu chofunika ndi cholembera timagwiritsa ntchito zilembo zazikulu kuti zioneke bwino. Koma tsiku limene munkatsegula akaunti, mwina mnyamata wokuthandizani analemba zazing'ono pafoni. Patapita miyezi mumatsegula kope, mumaona zazikulu, mumakhoma Caps Lock n'kulemba mokhulupirika zimene zili papepala, makina n'kukana. Kwa kompyuta M ndi m ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mapasiwedi a Wi-Fi nawonso ndi chimodzimodzi. Choncho ngati mwatsala ndi mwayi woyesera, yesani zazing'ono zokhazokha, kapena choyamba chokha chachikulu.

Dzuwa, batire ndi galasi

Kuno kunyanja kuwala n'kochuluka: kumachokera kumwamba, kumabwereranso kuchokera pamadzi ndi pamchenga. Sikirini ya foni yotchipa singalimbane nako. Tsitsani kansalu ka pamwamba ka foni, mukokere kuwala mpaka kumapeto, ndipo ngati mungathe lowani pakhonde kapena tembenukani kuti thupi lanu lichite mthunzi pafoni. Zikumveka zachidziwikire, komabe ndaona anthu akulemba mapasiwedi a banki ali chilili pakati pa msika masana, kuwala kwa foni kuli pansi penipeni chifukwa akusunga batire.

Nkhani ya batire ndi imene imabisa zambiri. Magetsi akamazimazima aliyense amayatsa Battery saver, ndipo m'mafoni ambiri imeneyi imachepetsa kuwala, imasintha foni kukhala yakuda, mwinanso kuzimitsa kunjenjemera kwa mabatani. Ndiye mumapezeka kuti maso sakuona bwino, chala nachonso sichikumva kanthu. Zimitsani Battery saver kwa mphindi ziwiri zimene mukulemba chinthu chofunika, mukatha muyatsenso. Batire silitha ndi mphindi ziwiri.

Palinso timabatani tina timene ana amayatsa posewera ndi foni. Eye care kapena Night Light imachititsa sikirini kukhala yachikasu. Extra dim, imene inabwera ndi Android 12, imadetsa sikirini kupitirira pamene kuwala kumathera, moti ngakhale mukokere kuwala kumapeto foni imaonekabe yamdima. Bedtime mode ikhoza kuchotsa mitundu yonse foni n'kukhala yotuwa, ndipo pa kiyibodi imene imasonyeza Shift posintha mtundu, chizindikirocho chimazilala. Zonsezi zimapezeka pa kansalu ka pamwamba kaja kapena mu Settings.

Za magalasi ndinene mosabisa, ngakhale ndimawagulitsa ndine. Galasi lija lakuda lotchinga kuti wapambali asaone limadya kuwala kwa mwini foni yemwe, ndipo m'mbali mwa sikirini, momwe muli Shift ndi batani lofufutira, m'mene mumada kwambiri foni ikapendekeka pang'ono. Kwa munthu wogwira ntchito panja sindilimbikitsa. Galasi wamba loonekera ndi labwino, bola likasweka pakona musinthe, chifukwa mng'alu umakonda kuyambira pomwe pali mabatani a m'mphepete. Sikirini yosinthitsa nayonso nthawi zina siwala ngati imene inabwera ndi foni. Mukamasinthitsa, tulukani nayo panja muione padzuwa musanalipire. Ndipo anzanga a kabaza ndi a m'maboti amene mumavala magalasi a dzuwa ochotsa kunyezimira kwa madzi, dziwani kuti magalasi amenewo amadetsa masikirini ena. Mukatembenuza foni chopingasa n'kuona kuwala kukusintha, vuto ndi magalasiwo, avuleni polemba.

Chotsani chithunzi, bwezeretsani malire

Apa m'pamene ndimakangana ndi makasitomala. Aliyense amafuna mwana wake, timu yake kapena maluwa kumbuyo kwa kiyibodi, ndipo ndimamvetsa. Koma chithunzi chili ndi malo owala ndi malo akuda, pamene zilembo zili ndi mtundu umodzi. Penapake chilembo chidzagwera pamalo ofanana nacho mtundu n'kusowa. Anthu amene amalemba WCAG, malamulo a kapangidwe ka masamba a pa intaneti, anaika muyeso wakuti zilembo wamba zisiyane ndi kumbuyo kwake mowirikiza 4.5, ndipo mu 2018 anawonjezera kuti zizindikiro za mabatani zisiyane mowirikiza 3. Chithunzi cha diresi yoyera kumbuyo kwa kamuvi koyera sichingafike pamenepo. Mwanayo muikeni pa sikirini yoyamba, pomwe mumamuona mukangoyatsa foni, koma kiyibodi ikhale ya mtundu umodzi.

Pa Gboard, gundani kagiya ka pamwamba pa kiyibodi, kapena gwirani kwa kanthawi batani la mpatuliro mpaka kagiyako kaoneke. Lowani mu Theme, musankhe mtundu woyera wa zilembo zakuda. Musanavomereze, yatsani Key borders. Kameneka ndi kabatani kamene ndimayatsa pafoni iliyonse yofika pabenchi langa, chifukwa kamapatsa batani lililonse mpanda wake, ndipo maso amadziwa pomwe a athera ndi pomwe Shift yayambira. Kiyibodi yakuda ndi yabwino usiku, koma masana panja galasi lakuda limasanduka kalilole, mumangodziona nkhope. Pewaninso mtundu wotsatira chithunzi cha pa sikirini, wotchedwa Dynamic color, chifukwa mukasintha chithunzi kiyibodi nayo imasintha, mwina n'kukhala yotumbululuka.

A Samsung muli ndi mwayi wina. Ku Settings, General management, Samsung Keyboard settings, kuli High contrast keyboard, imene imapereka mabatani achikasu a zilembo zakuda, kapena akuda a zilembo zowala. Siyokongola kwenikweni, koma bambo wina wolima mpunga ku Lifuwu nditamuyatsira anangoti, "Apa ndiye ndayamba kuona." Pomwepo mungathenso kukulitsa kiyibodi ndi zilembo zake. Pa Gboard kukulitsa kumapezeka pa Resize, kapena pa Keyboard height mu Preferences ngati ndi yakale.

Makiyibodi ena otsitsa pa intaneti, aja a nyenyezi zothwanima ndi zilembo zopotoka, ndimawachotsa ndikapatsidwa chilolezo. Ambiri zilembo zake n'zovuta kusiyanitsa chachikulu ndi chaching'ono, amalemetsa foni, ndiponso kiyibodi imaona chilichonse chimene mukulemba, kuphatikizapo pasiwedi. Android imakuchenjezani zimenezi pamene mukuyatsa kiyibodi yatsopano, kungoti ambiri timangodina OK osawerenga.

Lolani khutu ndi chala zithandize

Mukagunda batani, chala chanu chomwecho chimalitchinga. N'chifukwa chake Gboard ili ndi Popup on keypress mu Preferences, imene imatumphitsa chilembo pamwamba pa chala kuti muone chimene mwagunda komanso kukula kwake. Pa iPhone imatchedwa Character Preview. Mu Preferences ya Gboard momwemo mulinso Sound on keypress ndi Haptic feedback on keypress, kutanthauza kaphokoso ndi kunjenjemera. Kaphokoso pamsika sikamveka, koma kunjenjemera kumathandiza kwambiri: mukagunda Shift kamodzi foni n'kunjenjemera kawiri, mwadziwiratu kuti yakhoma. Ma iPhone analandira kunjenjemera kwa kiyibodi mu 2022 ndi iOS 16, ku Sounds & Haptics, Keyboard Feedback. Mafoni ena otchipa kwambiri kamota kake n'kofooka, ndiye pamenepo dalirani kutumpha kwa chilembo.

Nkhodolero ndi tsamba la manambala

Ife olemba Chichewa tili ndi vuto lathulathu. Sitingamalize chiganizo popanda nkhodolero, kachizindikiro kaja ka mu ng'ombe, m'madzi, n'chifukwa. Kamapezeka pa tsamba la manambala, ndiye timangokhalira kugunda ?123 kupita ndi kubwera. Ukalemba mothamanga, suzindikira kuti udakali pa tsamba lija, ndipo m'malo mwa zilembo pamatuluka manambala ndi zizindikiro. Batani la pakona ya kumanzere limakuuzani komwe mupite, osati komwe muli: likalemba ABC ndiye kuti muli pa manambala, likalemba ?123 muli pa zilembo. Anthu ambiri amawerenga mozondoka.

Njira yotsetsereka ija imagwiranso ntchito apa. Ikani chala pa ?123, tsetserekani mpaka pa nkhodolero, chotsani, kiyibodi ibwerera yokha pa zilembo. Kapena mu Preferences ya Gboard yatsani Long press for symbols, ndipo tizizindikiro tidzaoneka pakona ya batani lililonse, nkhodolero ili pa c. Yatsaninso Number row kuti manambala akhale pamzere wawo pamwamba. Kwa munthu amene pasiwedi yake ndi yosakaniza zilembo ndi manambala, zimenezi zimachotsa kusinthasintha masamba konse, ndipo zolakwika zimachepa.

Mukayika zilankhulo zingapo, dzina la chimene chikugwira ntchito limalembedwa pa batani lalitali lopatulira mawu. Liyang'aneni mukaona kuti mawu a Chichewa akusandulika Chingerezi. Ngati zikukutopetsani, zimitsani Auto-correction mu Text correction. Momwemo muli Auto-capitalization, imene imayatsa Shift yokha poyambira chiganizo. Mu meseji ndi yothandiza, koma pa mafomu ena imakulitsa chilembo choyamba cha dzina lolowera inu osapempha.

Pamene vuto si la maso

Nthawi zina mumaona bwinobwino, koma kiyibodi ikudzigunda yokha: Shift ikuyaka n'kuzima, zilembo zikutuluka musanakhudze. Sikirini ya foni imamva chala pogwiritsa ntchito mphamvu yochepa ya magetsi, ndipo madzi ndi thukuta zimaisokoneza. Pukutani manja ndi galasi ndi kansalu kouma. Ngati zikuchitika foni ili pa chaja pokhapokha, zulani muone. Machaja otchipa ena amatulutsa magetsi osakhazikika amene amachititsa sikirini kuona zala zomwe palibe, ndipo mankhwala ake ndi chaja ina, osati foni ina.

Zikapitirira, yesani kuona pomwe foni ikumva chala. Pa Android pitani ku About phone, gundani Build number kasanu ndi kawiri, mudzatsegula Developer options, ndipo mmenemo yatsani Show taps. Kadontho kadzaoneka paliponse pamene sikirini yamva kukhudza. Kakamaoneka pomwe simunagwire, kapena kakamasowa pakona ya Shift, vuto ndi galasi kapena sikirini. Musasinthe china chilichonse mu Developer options, mukamaliza zimitsani. Pa mafoni ambiri a Samsung kuimba *#0*# kumatsegula tsamba loyesera, pomwe pali Touch. Koma ngati kadontho kakutsatira chala bwinobwino pamene kiyibodi ikuchedwa, pitani ku Settings, Apps, Gboard, Storage, mugunde Clear cache, mufufute mavidiyo akale kuti foni ipume, kenako muizimitse n'kuyatsanso.

Chimodzi chokha musachizengereze. Mukaona sikirini ikunyamuka m'mbali kapena chivundikiro chakumbuyo chikutukumuka, batire latupa ndipo likukankha galasi kuchokera mkati. Kutentha kwa kuno kumafulumizitsa zimenezi, makamaka kwa amene amasiya foni padzuwa ikutchajidwa ndi sola. Lekani kuitchaja, musaikanikize, ipititseni kwa wokonza tsiku lomwelo.

Ndipo ngati mwachita zonsezi koma mukuonabe kuti mumatalikitsa foni kuti muwerenge, mwina ndi msinkhu. Zaka zikapitirira 40 maso a anthu ambiri amayamba kuvutika kuona zapafupi, ndipo timizere ngati ka pansi pa kamuvi n'timene timayamba kusowa. Pitani kuchipatala akakuyezeni maso, magalasi owerengera amathetsa zambiri. Mayi a usipa aja ndinawachotsera chithunzi, ndinayatsa malire a mabatani ndi mzere wa manambala, n'kuwapempha kuti akatsegulitsa akaunti akalembe pasiwedi yatsopano m'kope lawo ndi dzanja lawo, kunyumba, chilembo chachikulu chilichonse akachidule mzere kunsi. Anatenga foni n'kugunda kamuvi kamodzi, kawiri, katatu, akuyang'ana zilembo zikukula n'kuchepa, kenako anaimanga pansonga ya chitenje n'kuwoloka msewu kupita kubanki.